Kukatula Ababa kwa Eni Dzina

Ndinagula matikiti awiri a basi yochoka ku Glasgow kupita ku Inverness, koma woyenda wooneka ndi maso ndinali ine ndekha. Tikiti inayo inali ya ababa, amene pa nthawiyo anali atatha chaka ali m'manda ku Thyolo.

Ine ndine Esnati Makayi. Pa mapepala dzinali limalembedwa Mackay, ndipo kuno ku Scotland akaliitana kuchipatala ine n'kudzuka, amayamba asuzumira kumbuyo kwanga kuti mwina mwini wake akubwera. Dzinali tinalitola ku esiteti ya tiyi. Agogo anga aakazi ankathyola tiyi, mzungu woyang'anira ntchito, Bwana Makayi, anawapatsa pathupi, n'kukwera sitima ababa asanayambe n'kukwawa komwe. Anthu a pa esiteti ankamutcha Sayankha, chifukwa ukamupatsa moni ankangoyang'ana nsapato zake. Sanasiye mbuzi, sanasiye bulangete. Anasiya dzina basi.

Ababa anakulira kuchikazi monga mwa mwambo, ndipo amalume awo anawalera bwino. Koma khungu linkawaulula. Pa maliro kapena pa mlandu akati ayankhulepo, sipankalephera wina wonong'ona kuti awa kwawo n'kutsidya kwa nyanja. Iwo anazitenga zenizeni. Ine nditapeza ntchito yosamalira okalamba kuno, anasangalala kuposa mwini wakene, ndipo foni iliyonse inkatha ndi funso lomwelo: “Abale athu wawapeza?” Ndinkawauza kuti ababa, a Mackay kuno ali mbwee ngati a Banda ku Kasungu, ndiyambire pati? Tinayesa kuti abwere adzadzionere okha. Mapepala anavuta, kenako miyendo inavuta, kenako shuga anamaliza nkhani.

Ndisabise, nkhani imeneyi inkandinyansa. Mayi amene anawabereka, amene anawalipirira sukulu ndi msana wopindika m'munda wa tiyi, manda ake ali pomwepo kuseri kwa nyumba. Koma mtima wawo unali pa munthu amene sanayankhepo ngakhale moni.

Ali pafupi kutisiya anauza achimwene anga a Fedisoni kuti thupi tikwirire pamudzi, koma iwo tikawatule kwa abambo awo. Tinayesa ndi matenda akuyankhula. Patapita miyezi achimwene anayamba kuwalota ataima pa siteji ya basi pa Thyolo boma, atavala jekete lawo la kutchalitchi, mabasi akungodutsa iwo osakwera. Sipanatenge nthawi, nanenso ndinawalota. Siteji inali yomweyo, jekete lomwelo, koma mvula imene inkawanyowetsa inali ya kuno, yopyapyala yosadziwa kusiya ija. Ndine mayi wa mpingo, ndimaimba kwaya ku Partick kuno ku Glasgow, ndipo zimenezi abusa sindinawauze.

Kumudzi akuluakulu anatenga chipewa cha ababa, chabulauni cha mkombero, n'kuchigoneka pamanda. Anayankhula zoyenera kuyankhula, ndipo mayi wina wa kutchalitchi kwathu amene anapita ku tchuthi kumudzi anabwera nacho osadziwa chimene wanyamula. Malangizo achimwene anandipatsira pa foni.

“Achemwali, mumvetsetse bwino. Muwagulire mpando wawo, amenewo si katundu. Mtsinje uliwonse muziwauza kuti tikuwoloka, monga timachitira tikanyamula maliro, apo ayi atsalira tsidya. Mukafika, mukaodire. Eni ake akayankha, muwatule. Akapanda kuyankha, musawasiye patchire, mubwerere nawo.”

Kwawo kwa dzinali anandipezera ndi mwana wanga Thoko, amene anakulira kuno ndipo Chichewa amamva koma amayankha m'Chingerezi cha m'mphuno cha ku Glasgow. Anandionetsa pa foni chigwa cha mtsinje wa Naver, kumpoto kwenikweni kumene dziko limathera. Anati ndi kutali zedi, ndipo anafunsa ngati ndili bwinobwino m'mutu. Ndinamuuza kuti akafunse agogo ake.

Ndinanyamuka kumene ndimakhala ku Shawlands m'mawa wa tsiku lina mu Okutobala, masamba atayoyoka kale. M'basi ya m'tauni mulibe zosungitsa mpando, ndiye chipewa ndinachiika pamiyendo n'kuwapepesa kuti apirire pang'ono. Titafika pa mlatho wa Clyde ndinabisa pakamwa mu sikafu.

“Ababa, ndine Esnati. Tanyamuka. Uwu ndi Clyde, tikuwoloka.”

Mawu anga omwe anandichititsa tsemwe. Kuyambira tsiku la maliro, amene ndinaonera pa foni ndili m'khitchini, ndinali ndisanawatchulepo ababa ngati munthu woti angamve.

Pa depoti ya Buchanan dalaivala anayang'ana matikiti awiriwo, n'kuyang'ana ine. Anafunsa kuti mnzanuyo ali kuti. Ndinati ali pompano. Iye anangokweza mapewa, poti ndalama inali italowa kale, ndipo mtengo wake sunali wamasewera. Chipewa ndinachikhazika cha kuwindo chifukwa ababa pa basi ankalimbirana windo ngati mwana.

Chimene achimwene sanadziwe n'chakuti dziko lino madzi ali paliponse. Tisanafike ku Stirling ndinali nditanong'ona mpaka kukhosi kuuma. Ndinawatumizira uthenga wa mawu kufunsa ngati timifuleni nato tikuwerengedwa. Anayankha kuti ndisawaseketse, wofunika ndi mtsinje wokhala ndi dzina. Ndiye ndinayamba kusaka zikwangwani. Forth tinawoloka bwinobwino, Earn chimodzimodzi, ndipo ndinayamba kuwafotokozeranso zina: kuti onani nkhosa zonenepa ngati nkhumba, onani minda yopanda munthu wolima. Mpaka pamenepo ulendo unali wokoma.

Zinthu zinasokonekera pa Perth. Sitima ina ya pamtunda inali italephereka, ndipo anthu ake onse anakhamukira ku basi yathu. Mipando inadzaza, womaliza kukwera anali gogo wina wachizungu wa ndodo, wamfupi, akupuma mwabefu. Anayenda pang'onopang'ono mpaka anaima pa ine, chifukwa mpando wopanda munthu m'basi monse unali umodzi wokha. Dalaivala anakuwa ali kutsogolo kuti mayi, mnzanu uja sanabwere. Maso onse anali pa ine ndi chipewa changa.

Mukanakhala inu mukanatani? Ntchito yanga tsiku ndi tsiku ndi yokhazika agogo ngati ameneyu pampando. Ndinene kuti pali munthu, m'basi yodzaza azungu, ine munthu wakuda ndekha? Ndinanyamula chipewa n'kuchiika pamwamba, pa shelefu ya katundu, pakati pa zikwama za ana asukulu. Mumtima ndinangoti ababa, nanunso munali munthu waulemu, mumvetsa.

Gogoyo anali wocheza. Anandipatsa switi, anandiuza za chiuno chake chimene madokotala anachikonza mbali imodzi, za mchemwali wake wa ku Kingussie amene amaphika supu wopanda mchere. Ine n'kumaseka. Cha ku Dunkeld ndinaona madzi ambiri akuda pansi pa mlatho, ndinadziwa kuti uwu ndi mtsinje wa dzina, koma gogo anali pakati pa nkhani ndipo switi inali m'kamwa. Ndinati ndinena wotsatira. Wotsatirawo, cha ku Pitlochry, ndinachitanso manyazi. Kenako ndinangosiyiratu.

Msewu unayamba kukwera. Mitengo inatha, nyumba zinatha, kunatsala mapiri ometedwa mpala ndi mvula yosakanikirana ndi matalala. Pamalo otchedwa Drumochter basi inatsokomola kawiri, magetsi a m'kati anaphethira, ndipo dalaivala anangokwanitsa kuikhotetsera pambali isanazime. Anayesa kuiliza, zii. Anatsika, anatsegula kumbuyo, anabwerako akupukusa mutu. Anati basiyi ndi yatsopano, sakuona chimene chavuta, ndipo aitanitsa ina.

Kudikira kwa kuno n'kosiyana ndi kwa kwathu. Kwathu basi ikafa anthu amatsika, amalalatira kondakitala, wina amatulukira ndi chimanga chootcha, pofika madzulo mwadziwana mpaka mayina a ana. Kuno aliyense anangoti ndwii pa foni yake. Chotenthetsera chinazima limodzi ndi injini, ndipo kuzizira kunayamba kulowera kumapazi. Khanda lina linalira mpaka linatopa lokha. Mphepo inkagwedeza basi yonse, ndipo kunja kunalibe ngakhale mbalame.

Netiweki inkabwera n'kumapita. Itabwera ndinaimbira achimwene kuwauza kuti basi yafa. Sanafunse ngati ndili bwino.

“Ababa ali pati?”

Ndinayang'ana pa shelefu.

“Achemwali, ndati ababa ali pati?”

“Ali pamwamba. Pa katundu.”

“Ha! Nanga mitsinje?”

“Ingapo yandidutsa.”

Anapumira m'mwamba. Anandikumbutsa za maliro a azakhali, mmene galimoto inafera pa Bvumbwe popanda chifukwa, mpaka amalume anatsika kukayankhula ndi bokosi. “Munthu anadikira ulendo umenewu moyo wake wonse, inu mwamusiya m'mbali mwa mtsinje m'dziko loti sadziwa ngakhale popempha madzi. Kawaitaneni.” Foni inaduka.

Ndinaimirira kuti nditenge chipewa. Pamene ndinachiika panalibe. Ndinasuntha zikwama, ndinapapasa. Ndinakachipeza kumapeto kwenikweni kwa shelefu, kumbuyo kwa basi, mbali imene tinachokera. Ndikudziwa zimene mungandiuze, kuti basi inkakwera phiri ndipo chinthu chopepuka chimatsetsereka. Nanenso ndinadziuza zomwezo. Koma zikwama zinazo zinali pomwe zinaikidwa.

Nditabwerera, gogo uja anafunsa kuti chipewacho n'cha ndani. Pamenepo manyazi anali atandithera. Ndinamuuza zonse, za mpando, za mitsinje, za siteji ya ku Thyolo. Ndinkayembekezera kaseko kaulemu kaja kamene azungu amaseka akafuna kukuthawa. Iye sanaseke. Anati kwawo kwa mayi ake, kumadzulo, anthu akanyamula maliro ulendo wautali, paliponse pamene atula bokosi kuti apume aliyense ankaikapo mwala, ndipo milu imeneyo ikadalipo m'njira zakale. Kenako anagwira ndodo yake n'kudzuka.

“Ndakhalira mpando wa bambo anu. Bwanji simunanene?”

Ndinayesa kumuletsa, koma anali atakalipira kale mnyamata wina wa patsogolo kuti amupatse malo, ndipo mnyamatayo anakhala pansi m'kanjira osatsutsa.

Ndinapempha dalaivala kuti anditsegulire. Ndinatsika ndi chipewa, matalala akundimenya kumaso, n'kuyang'ana kumene tinachokera. Ndinagwada pamiyala yonyowayo, ndinaika chipewa pamiyendo, n'kuwomba m'manja pang'onopang'ono. Koma mayina a mitsinje ija sindinkawadziwa. Ndili kakasi choncho ndinamva mawu kumbuyo. Anali gogo uja, ataima pakhomo la basi atagwira chitsulo, akukuwa kuti mphepo isamulande mawu.

“Tay! Woyamba ndi Tay! Kenako Tummel! Kenako Garry!”

“Ababa,” ndinatero, “ndalakwa ine mwana wanu. Tinawoloka Tay, sindinakuuzeni. Tinawoloka Tummel, tinawoloka Garry. Wolokani, bwerani, mpando wanu ulipo. Musatsale kuno, kukuzizira.”

Ndisanadzuke ndinatola mwala n'kuuika m'mbali mwa msewu. Gogo anakuwanso kuti ndimuikire wake, ndipo ndinaika wachiwiri pamwamba pake.

Sindinama kuti basi inalira. Sinalire. Tinakhalabe mpaka ina inabwera kuchokera ku Inverness, kunja kutayamba kuda, chifukwa miyezi imeneyo dzuwa la kuno limaweruka msanga ngati wantchito wa boma. M'basi yachiwiriyo palibe amene anayandikira mpando wa chipewa. Gogo anatsika pa Kingussie, ndipo potsazika anagwedezera mutu ine, kenako chipewa. Titawoloka Spey ndinanena mokweza, osabisanso pakamwa. Nditatembenuka ndinaona kuti galasi la pafupi ndi chipewa lachita nthunzi, kamalo kozungulira, pamene pangafike mphuno ya munthu wokhala pansi. Sindinalipukute.

Ku Inverness kabasi kopita kumpoto kanali katapita kalekale. Ndinagona pa nyumba ina ya alendo pafupi ndi mtsinje, pa mtengo woti ndikauganiza mpaka lero ndimadandaula. Walira mvula walira matope.

Kabasi ka tsiku lotsatira kanali kakang'ono ngati minibasi za ku Limbe, kungoti munalibe wokhala pa injini. Dalaivala wake anali bambo wa imvi, wamanja aakulu, dzina lake Angus. Ankaitana mayina a amene analembetsa, ndipo atati “Mackay,” ndinayankha ine, anayankha mayi wina wa katundu wa kusitolo, anayankhanso mkulu wina wa galu. Angus anaseka n'kunena kuti nayenso ndi Mackay, ndipo kumene tikupitako ukaitana dzina limeneli amene satembenuka ndi nkhosa zokha. Anandiyang'ana pang'ono, n'kufunsa ngati ndinakwatiwa ndi mmodzi wa iwo. Ndinati ayi, ndinabadwa nalo. Sanafunsenso.

Kutuluka mu Inverness kuli mlatho wautali wodutsa pa nyanja yeniyeni. Ndinawauza ababa kuti uwu si mtsinje, agwiritse. Tinadutsa wina wotero, tinapitirira mpaka Bonar Bridge, kenako Lairg, kumene tinaima nthawi yaitali kudikira phukusi la mankhwala a munthu wina wa kumudzi. Ndinamwa tiyi m'kasitolo, ndipo ndinadzipeza ndikuwerenga pa paketi kuti ndione ngati ndi wa ku Thyolo. Sanali.

Kuchoka pa Lairg msewu unasanduka kanjira ka galimoto imodzi. Mukakumana, wina amapatukira pa kamalo kodikirira, n'kukwezerana dzanja. Nkhosa zinkagona pakati pa msewu ndipo zinkadzuka pa nthawi yawo. Mkulu wa galu anatsika pa geti lina lopanda nyumba, mayi uja anatsika pa Altnaharra, ndipo tinatsala awiri ooneka. Angus anali atandiona pagalasi ndikunong'ona. Sanafunse chifukwa, koma ndinazindikira kuti akayandikira mlatho akuchepetsa liwiro n'kutchula dzina la mtsinje ngati akudziyankhulira. Zimenezo zinandimasula, ndipo ndinamufunsa kumene dzina lathu linachokera.

“Mac ndiye kuti mwana wa uje,” anatero. “Ife ndife ana a Aodh.” Mmene analitchulira dzinalo zinamveka ngati munthu akunyamula thumba la chimanga.

“Aodh ameneyo anali ndani?”

“Palibe amene akudziwa bwinobwino. Akuluakulu ankati anali wa banja lachifumu ku Moray, kum'mawa kwa Inverness. Anthu ake analimbana ndi mfumu ya Scotland, anagonja, ndipo anawapirikitsira kuno kumene kunalibe wokufuna. Ena amatsutsa, amati anachokera kwina. Ndi kale kwambiri, zaka mazanamazana.”

Anati atafika kuno anazika mizu. Anamenyana ndi oyandikana nawo mibadwo ndi mibadwo, anachulukana, mpaka dera lonseli linkatchedwa dziko la ana a Aodh m'chinenero chawo chakale, chimene iye amangotolatola mawu ake. Ndinayang'ana chipewa. Mwamva ababa? Ngakhale eni akewa dzina analitenga kwa bambo amene sakumudziwa bwino.

Tinakhotera m'mbali mwa nyanja yaing'ono, kenako m'chigwa cha Naver. Ndi malo okongola, sindikana, koma ine chimene ndinaona ndi chakuti kulibe utsi. Chigwa chachonde chotero, madzi ali pomwepo, kwathu bwenzi kuli midzi yogundana. Ndinafunsa kuti anthu ali kuti.

Angus anati zaka mazana awiri zapitazo malowa anali atagwera m'manja mwa eni ena, ndipo iwo anaona kuti nkhosa zimapindulitsa kuposa anthu. Anatumiza anyamata kudzayatsa madenga. Anthu anawakankhira kugombe, pa miyala posamera kanthu, ndipo ambiri anakwera zombo kupita kulikonse kumene chombo chinkapita. Ndinamufunsa ngati anamvapo za Mackay wina amene anapita ku Nyasaland kukayang'anira tiyi. Anapukusa mutu. Anati anapita ochuluka, ndipo ambiri sanabwerenso ngakhale kudzaona manda.

Apa mkwiyo wanga wakale unadzuka. Ndinamuuza kuti wanu ameneyo kwathu ankagwetsa nyumba za anthu amene alephera thangata, ntchito yokakamiza yolipirira malo amene anali a makolo awo omwe. Ndinamuuza za agogo anga, ndi za dzina lakuti Sayankha.

“Ndiye kuti pa nkhani za agogo ake anatolapo luso,” anatero Angus, “chisoni anachisiya.”

Anaimitsa kabasi pa geti lina n'kuloza kanjira kokwera. Anati kumtundako kunali mudzi waukulu wa anthu a dzina lathu, ndipo ngati ndikufuna malo enieni, ndi amenewo. Phukusi la mankhwala likhoza kudikira pang'ono. Ananditsatira chapatali, manja ali m'thumba.

Ndinkayembekezera mabwinja ngati a kwathu, a zipupa ndi mitengo ya mango. Kunalibe zimenezo. Kunali miyala yofika m'mawondo, yondandalikana m'makona anayi mu udzu, apa nyumba, apo nyumba, uko khola, mpaka kutsetsereka kwa phiri. Nyumba iliyonse inali ndi mpata pamene panali khomo. Kunali zii. Ndinasankha ina yaikulupo, ndinaima patali pang'ono ndi khomo monga mlendo amachitira, chipewa ndili nacho m'manja awiri.

“Odi!”

Mphepo yokha. Ndinakonza kukhosi.

“Odi kuno! Ndabwera ndi mwana wanu!”

Nkhosa ina inadzutsa mutu, inandiyang'ana, n'kupitiriza kudya. Ndinasunthira pa nyumba ina, ndinaodira. Ndinapita pa inanso. Mawu anga ankapita kutsidya kwa chigwa osabwerera. Apa mantha anandigwira enieni, osati a mizimu ayi, koma a ulendo wobwerera: mitsinje yonse ija chobwerera m'mbuyo, kukafika ku Shawlands, kukaika chipewa pamwamba pa kabati, ndi ababa ataima pa siteji ija mpaka ine ndidzafe. Ndinakhala pansi pa mwala ndipo ndinawakalipira, chinthu chimene sindinachitepo ali moyo.

“Mwaona ababa? Si izi? Munasiya mayi anu amene ankakuyankhani musanaitane n'komwe. Awa ndi a Sayankha mpaka kwawo.”

Ndinalira ngati pa siwa. Sindinamve Angus akuyandikira. Anafunsa mwaulemu kuti mawu amene ndimakuwa aja amatanthauza chiyani. Ndinamuuza kuti kwathu sulowa pakhomo pa munthu usanatero, ndipo ngati palibe woyankha umabwerera ndi zimene wanyamula. Ndinamuuza chimene ndanyamula.

“Woyankhayo amati chiyani?”

“Amati lowani.”

Anabwereza mawuwo chapansipansi, n'kuwapotoza. Ndinamukonza, anabwerezanso. Kenako anati agogo a agogo ake anabadwira m'chigwa chomwechi, sakudziwa nyumba iti, mwina iyi, mwina iyo. Anadumpha miyala ija n'kulowa m'kati mwa nyumba yopanda denga, anatembenuka, anaima pa mpata wa khomo, n'kuvula kapusi yake. Mphepo inaimitsa imvi zake. Anandigwedezera mutu kuti ndiyambenso.

Ndinadzuka, ndinapukuta nkhope ndi sikafu, ndinabwerera pamene mlendo amaima.

“Odi!”

“Lowani,” anatero Angus. Kenako ananena mawu ena m'chinenero chawo chakale chija, ndipo sananene kwa ine. Ankayang'ana chipewa.

Ndinagwada n'kumupatsa ndi manja awiri, iye analandira ndi manja awiri ngati anachita kuphunzitsidwa. Ndinati ababa, tafika, awa ndi eni dzina, ine ntchito yanga yatha. Angus anachiika pakona pamene anati mwina mphepo sifika kwambiri, ndipo anatsamiritsa mwala wafulati pamwamba kuti chisauluke. Ine ndinaikapo mwala wanga, iye wake. Potsika sindinacheuke.

Cha kugombe kuli mlatho wodutsa pa Naver. Angus anachepetsa liwiro monga anachitira tsiku lonse, ndipo ine ndinatsegula pakamwa. Pampando wa kuwindo panali chikwama changa chokha. Tinawoloka tili chete.

Netiweki inabwerera pa Bettyhill, kamudzi ka kugombeko. Achimwene anafunsa funso limodzi, kuti anayankha ndani. Ndinati mwini dzina. Anati basi, zikomo achemwali, ndipo ndinamva akuuza anthu kumbuyo kwawo.

Achimwene sanawalotenso. Ine ndinalotako kamodzi, patapita milungu ingapo ndili ku Shawlands. Inali siteji yomwe ija ya pa Thyolo boma, mabasi akudutsa, mvula itasiya. Ndinayang'ana uku ndi uku, ndinazungulira kuseri kwa magolosale, ndinafunsa ogulitsa nthochi. Munthu amene ankadikira basi pamenepo ndinali ine.